Mchere, Dimba ndi Mphika: Kuteteza Impso Kudzera m'Zakudya ku Chitungwiza

Mawu oyamba

Tawuni ya Chitungwiza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa mzinda wa Harare. Inakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza madera atatu, a Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo kalembera wa mu 2022 anapeza kuti mukukhala anthu oposa 370,000. Ena mwa anthuwa ndi ana ndi zidzukulu za amuna amene anachokera ku Malawi, ku Mozambique ndi kummawa kwa Zambia kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale m'masiku a Southern Rhodesia, kotero kuti Chichewa chimamvekabe m'makomo ena. Kuseri kwa nyumba zambiri kuli timabedi ta ndiwo zamasamba, ndipo m'madambo oyandikana ndi mitsinje ya Nyatsime ndi Manyame anthu amalima chimanga, mbatata ndi maungu.

M'tawuni yomweyi muli chipatala cha Chitungwiza Central, chimodzi mwa zipatala zochepa za boma m'Zimbabwe zimene zili ndi makina osefera magazi a anthu amene impso zawo zinasiya kugwira ntchito. Wodwala wotere amalumikizidwa ku makinawa kawiri kapena katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse, ndipo amatero moyo wake wonse pokhapokha atapatsidwa impso ya munthu wina. Ku Malawi, thandizoli lakhala likuperekedwa pa zipatala za boma za Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth Central ku Blantyre. Kwa mlimi wa kumudzi, ulendo wotere sabata iliyonse umatha ndalama, ndipo munda umagonera.

Mlangizi wa zaulimi sachiza impso. Komabe mbewu zimene amalimbikitsa, madzi amene alimi ake amathirira, ndi kaphikidwe kamene amaphunzitsa m'magulu a amayi zimakhudza impso tsiku lililonse. Nkhani ino ikufotokoza mfundo imodzi imene mlangizi ayenera kuigwiritsa: malangizo a zakudya oteteza impso zabwino ndi osiyana ndi malangizo a munthu amene impso zake zawonongeka kale kwambiri, ndipo pena amatsutsana kumene. Kusokoneza malangizo awiriwa kungathe kutayitsa moyo.

Ntchito ya impso

Munthu ali ndi impso ziwiri, zimene zili chakumsana, pansi pa nthiti zomalizira. Iliyonse ndi yaikulu ngati chibakera ndipo imalemera magalamu pafupifupi 150. M'kati mwa impso iliyonse muli timasefa ting'onoting'ono tokwana pafupifupi miliyoni imodzi. Pa tsiku, timasefati timasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180. Pafupifupi madzi onsewo amabwezeredwa m'thupi, ndipo otsala, monga lita imodzi ndi theka, ndiwo amatuluka ngati mkodzo atanyamula zoipa.

Kuwonjezera pa kuchotsa zoipa, impso zimayeza kuchuluka kwa madzi, mchere ndi potaziyamu m'magazi, zimathandiza kuti magazi aziyenda ndi mphamvu yoyenera, zimatulutsa timadzi touza mafupa kuti apange magazi atsopano, ndiponso zimakonza vitamini D kuti mafupa akhale olimba. N'chifukwa chake munthu wodwala impso amatupa miyendo ndi nkhope, amachepa magazi ndipo amafooka.

Mlangizi amene anayikapo mapaipi othirira mbewu mwa ndontha amadziwa kuti zinthu ziwiri zimawononga sefa: mphamvu ya madzi ikapitirira muyezo, ndiponso madziwo akakhala ndi zitsotso. Ndi mmene zilili ndi impso. Kuthamanga kwa magazi kumaphulitsa timitsempha ta m'masefa, ndipo shuga wochuluka m'magazi amatiumitsa pang'onopang'ono. Matenda awiriwa ndiwo amatsogolera pa kuwononga impso pa dziko lonse. Kasefa kakafa sikameranso. Choopsa china n'chakuti munthu angathe kutaya mphamvu yoposa theka ya impso zake asanamve kupweteka kulikonse.

Vutoli si lachilendo m'chigawo chino. Kafukufuku wa boma la Zimbabwe ndi bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO wa mu 2005 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse, kapena kuposerapo, anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wonga yemweyo ku Malawi mu 2009 anapeza munthu mmodzi mwa atatu alionse, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Pa dziko lonse, akatswiri amawerengera kuti munthu mmodzi mwa khumi alionse ali ndi matenda a impso okhalitsa.

Mchere

Pa zakudya zonse, chimene banja lingasinthe popanda kuwononga ndalama ndi mchere. Mu mchere muli sodiyamu, ndipo sodiyamu akachuluka m'thupi amakoka madzi, magazi amachuluka m'mitsempha, ndipo impso zimagwira ntchito mopanikizika. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiko kunena kuti supuni yaing'ono imodzi yosasefukira. Muyezowu ukuphatikiza mchere wonse, wothira mumphika, wothira m'mbale, ndi wobisika m'zakudya zogula. Ana ayenera kudya wocheperapo.

Mlangizi angathe kuyeza banja popanda sikelo. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lisapitirire magalamu 30 pa tsiku. Motero paketi ya kilogalamu imodzi iyenera kutha patapita mwezi wathunthu ndi masiku angapo, ndipo ya magalamu 500 iyenera kupitirira masabata awiri. Ngati mayi anena kuti paketi ya kilogalamu imatha m'masabata awiri, ndiye kuti banjalo likudya mchere wowirikiza kawiri muyezo, ngakhale asanawerengere zakudya zogula.

M'tawuni monga Chitungwiza, mchere wobisika ndi wochuluka. Pa misika ya Chikwanha ndi Makoni, monga m'misika ya ku Lilongwe, Chipata ndi Tete, anthu amagula buledi, soseji, poloni, majarini, supu wa m'mapaketi, timibulu tokometsera ndiwo, chimanga chothetheka chothira mchere, ndi matemba ouma ofutsidwa ndi mchere. Kambulu kokometsera ndiwo pafupifupi theka lake ndi mchere weniweni, choncho wothira kambuluko asathirenso mchere wina. Dziko la South Africa, kumene kumachokera zambiri mwa zakudya zotere, linayamba mu 2016 kutsata lamulo loika malire a sodiyamu mu buledi, supu, soseji ndi zina, pozindikira kuti wogula sangathe kuchotsa mchere umene unalowa kale ku fakitale.

Njira zochepetsera mchere pakhomo ndi izi:

1. Kuthira mchere kamodzi kokha, ndiwo zikatsala pang'ono kupsa, ndi kusaika mchere patebulo kapena pamphasa yodyera.
2. Kuviika matemba ndi nsomba zina zamchere m'madzi ofunda, ndi kutaya madziwo musanaphike.
3. Kukometsera ndiwo ndi anyezi, tomato, adyo, tsabola, mandimu ndi nsinjiro.
4. Kuchepetsa mchere pang'onopang'ono, pakuti lilime limazolowera patapita masabata angapo.

Mchere wochepa umene banja likudya ukhale wa ayodini, umene mayiko a m'chigawo chino anaulamula m'zaka za m'ma 1990 pofuna kuthetsa chithokomiro. Kuchepetsa mchere sikutanthauza kubwerera ku mchere wopanda ayodini.

Soda ndi chidulo

Pophika therere, nkhwani kapena chigwada, amayi ambiri amathira soda wa m'sitolo kapena chidulo kuti masamba afewe msanga ndi kusunga nkhuni. Zinthu ziwirizi zimagwira ntchito yofanana mumphika, koma m'thupi n'zosiyana.

Soda wa m'sitolo ali ndi sodiyamu. Supuni yaing'ono imodzi ya soda ili ndi sodiyamu woposa theka la amene ali mu supuni ya mchere, ngakhale kuti m'kamwa sawawa ngati mchere. Ndiwo yothira soda ndi mchere pamodzi imalemetsa impso kawiri. Chidulo, chimene amatcheza kuchokera ku phulusa la zitsononkho, makoko a nyemba kapena masangwe a mtedza, chili ndi potaziyamu wochuluka. Kwa munthu wa impso zabwino potaziyamuyu amatuluka mu mkodzo, koma kwa munthu amene impso zake zalephera, chidulo n'choopsa, monga momwe zafotokozedwera m'munsimu. Zonse ziwiri zimawononga mavitamini ena a m'masamba, makamaka vitamini C ndi B1. Kuthyola masamba anthete, kuwasadzula bwino ndi kuwadula tizidutswa kumachepetsa kufunika kwa soda.

Mbale ya munthu wa impso zabwino

Mu 1997, akatswiri a ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa DASH. Anthu 459 anagawidwa m'magulu, ndipo gulu limodzi linkadya masamba, zipatso, nyemba, mtedza, ufa wosakonola ndi mkaka wochepa mafuta. M'masabata asanu ndi atatu okha, kuthamanga kwa magazi kunatsika, makamaka mwa amene anali kale ndi vutoli. Kafukufuku wotsatira, wa mu 2001, anaonetsa kuti zakudya zomwezo zikakhalanso zochepa mchere magazi amatsika kwambiri. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi potaziyamu wa m'masamba ndi zipatso, amene amathandiza impso kutulutsa sodiyamu. WHO imalangiza munthu wamkulu kudya magalamu osachepera 3.5 a potaziyamu pa tsiku kuchokera m'zakudya, ndiponso magalamu 400 a masamba ndi zipatso.

Zakudya zimenezi sizofunika kuitanitsa kunja, pakuti ndi zimene makolo ankalima. Popeza alangizi amagwira ntchito ndi anthu a zilankhulo zosiyana, ndi bwino kudziwa mayina ake mbali zonse ziwiri za malire:

- Bonongwe pa Chishona ndi mowa, luni ndi nyevhe, chisoso ndi mutsine.
- Nkhwani ndi muboora, chitambe ndi munyemba, mpiru ndi tsunga, therere ndi derere.
- Mfutso ndi mufushwa.
- Nzama ndi nyimo, khobwe ndi nyemba, chiponde ndi dovi.
- Mapira ndi mapfunde, mchewere ndi mhunga, mawere ndi zviyo.
- Mgaiwa ndi mugaiwa, ndipo nsima ndi sadza.

Nsima ya mgaiwa, ya mapira kapena ya mawere ili ndi gaga amene amachedwetsa kulowa kwa shuga m'magazi kuyerekeza ndi nsima ya ufa woyera. Komabe mtundu wa ufa si nkhani yokha. Kukula kwa mtanda kulinso ndi kanthu. Mbale imene nsima yadzaza, ndiwo n'kukhala zongonyambita, imanenepetsa munthu amene sagwira ntchito yolemetsa, ndipo kunenepa kumaitana shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Alangizi a ku Malawi ali kale ndi chiphunzitso cha magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo chimakwanira pa ntchitoyi: theka la mbale likhale masamba, gawo lina nyemba, nsomba kapena nyama pang'ono, gawo lotsala nsima.

Nyemba, khobwe, nzama, nandolo ndi soya zimapereka zomanga thupi popanda mafuta ndi mchere wa m'soseji ndi poloni. Zilinso ndi phindu lachiwiri limene mlangizi amalidziwa bwino, lobwezera chonde m'nthaka ya mchenga monga ya ku Seke. Pa kabedi ka kuseri kwa nyumba, mlimi amene amabzala covo ndi rape chaka chonse angathe kusiya mzere umodzi wa khobwe, amene amapereka masamba ndi mbewu, ndi kulola bonongwe ndi luni kumera m'nyengo ya mvula m'malo mozizula ngati udzu. Zotsala azifutse kuti zidzathandize m'chilimwe, koma osathira mchere pofutsa.

Pa shuga, WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 pa tsiku, monga masupuni ang'onoang'ono 12. Botolo limodzi laling'ono la chakumwa chozizilitsa kukhosi lili ndi masupuni asanu ndi atatu kapena kuposerapo. Mu 2024 boma la Zimbabwe linaika msonkho pa shuga wa m'zakumwa zotere. Thobwa kapena mahewu ophika pakhomo ndi abwino koposa, malinga ngati shuga wothiramo ali wochepa.

Madzi akumwa ndi madzi othirira

Chitungwiza imadalira madzi ochokera ku mzinda wa Harare, ndipo m'zaka za chilala mipopi imauma masiku ambiri, anthu n'kumatunga pa zitsime ndi pa mijigo. Mu Ogasiti 2008 mliri wa kolera unayambira m'tawuniyi, ndipo pofika pakati pa 2009 unali utagwira anthu pafupifupi 100,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 4,000. Kutsekula m'mimba kotere kumakhetsa madzi m'thupi mofulumira, magazi ofika ku impso amachepa, ndipo impso zingathe kuima m'masiku ochepa. Pano ndi pamene mchere uli mankhwala. Wodwala amwetsedwe msanga madzi a m'mapaketi a ORS, kapena osakaniza monga amaphunzitsira ku Zimbabwe: masupuni ang'onoang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni ya mchere m'botolo la mamililita 750 la madzi owiritsa, akupita naye ku chipatala.

Ogwira ntchito padzuwa ali pa chiopsezo china. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador, anyamata ambiri odula nzimbe afa ndi matenda a impso alibe shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo kafukufuku akuloza kwambiri ku kutentha, thukuta ndi kusowa madzi m'thupi tsiku ndi tsiku. Madera monga chigwa cha Shire, chigwa cha Zambezi ndi kummwera chakummawa kwa Zimbabwe amatentha chimodzimodzi. Mlimi anyamule madzi popita kumunda, azimwa asanamve ludzu lalikulu, ndipo azipuma pamthunzi dzuwa likafika paliwombo. Mkodzo woyera pang'ono umasonyeza kuti madzi akukwana. Wofiirira ndi wochepa ndi chenjezo. Kumwa mapiritsi opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac thupi lili louma chotero kumawonjezera ngozi.

Madzi othirira nawo ali ndi mbali yake. Pamene madzi asowa, alimi a m'tawuni amakopeka kuthirira ndi madzi otuluka m'mapaipi a zimbudzi kapena m'ngalande za mafakitale, chifukwa masamba amabiriwira msanga. Mu 2006, akatswiri ena, kuphatikizapo a pa University of Zimbabwe, anafalitsa zimene anapeza pa famu ya Firle ku Harare, kumene mbewu zinkathiriridwa ndi madzi otere. Masamba a tsunga anapezeka ndi kadimiyamu, mtovu ndi zitsulo zina zoposa kwambiri malire ovomerezeka ku Ulaya. Kadimiyamu akalowa m'thupi amakakhala mu impso kwa zaka khumi mpaka makumi atatu. Ku Japan, m'chigawo cha Toyama, alimi amene ankathirira mpunga ndi madzi a mtsinje wa Jinzu, oipitsidwa ndi mgodi, anadwala impso ndi mafupa, ndipo boma linavomereza chifukwa chake mu 1968. Kutsuka kapena kuphika sikuchotsa chitsulo chimene chinalowa m'tsamba kudzera ku mizu. Mbewu zamasamba zimakoka kadimiyamu wochuluka kuposa chimanga, makamaka m'nthaka ya asidi. Choncho mlangizi afunse gwero la madzi asanayamikire dimba, aletse kubzala masamba pamalo otere, ndipo alimbikitse laimu ndi manyowa pamene nthaka ili ya asidi.

Alimi a m'madambo ndi m'masikimu othirira asaiwale likodzo. Likakhalitsa osachizidwa limatseka njira za mkodzo ndipo impso zimatupa. Mkodzo wa magazi si chizindikiro cha kukula kwa mnyamata, koma matenda amene mankhwala ake alipo ku chipatala.

Pamene impso zawonongeka kale

Impso zikafooka kwambiri zimalephera kutulutsa potaziyamu, fosiforasi, madzi ndi zotsalira za zakudya zomanga thupi. Potaziyamu akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo mtima ungathe kuima mwadzidzidzi popanda chizindikiro. Apa ndi pamene zina mwa zimene mlangizi amaphunzitsa tsiku lililonse zimatembenuka.

Choyamba, zakudya za potaziyamu wochuluka, monga nthochi, mapeyala, mbatata, mbatatesi, bonongwe, nkhwani, mfutso, malambe ndi nyemba zouma, zingafunike kuchepetsedwa. Magalamu 100 a nthochi ali ndi mamiligalamu pafupifupi 360 a potaziyamu, pamene kabichi ali ndi pafupifupi 170. Kabichi, anyezi, nkhaka, chinanazi, maapozi, mpunga ndi nsima ya ufa woyera zili ndi potaziyamu wochepa.

Chachiwiri, kaphikidwe kamasintha. Banja la anthu athanzi limaphunzitsidwa kuphika masamba ndi madzi ochepa, kwa nthawi yochepa, osataya msuzi. Wodwala amene wauzidwa kuchepetsa potaziyamu amachita zosiyana: amasenda mbatata, amaidula tizidutswa ting'onoting'ono, amaiwiritsa m'madzi ambiri, ndipo madziwo amataya. Njirayi imachotsa pafupifupi theka la potaziyamu. Chidulo asachikhudze n'komwe.

Chachitatu, m'masitolo ena mumapezeka mchere umene gawo lina la sodiyamu analowetsamo potaziyamu. Kafukufuku wamkulu wa m'midzi ya ku China, wofalitsidwa mu 2021, anaonetsa kuti mchere wotere unachepetsa matenda a sitiroko. Koma anthu odwala impso kwambiri sanaloledwe kulowa m'kafukufukuyo, ndipo kwa iwo mcherewu ndi woopsa.

Chachinayi, langizo lakuti munthu azimwa madzi ambiri silikhudza amene mkodzo wake wachepa kapena amene ali pa makina. Iyeyo amapatsidwa muyezo wa madzi pa tsiku, kuwerengera tiyi, phala ndi thobwa. Madzi opitirira amadzaza m'miyendo ndi m'mapapo.

Chachisanu, zomanga thupi zili ndi muyezo wake. Malangizo a akatswiri a impso a bungwe la KDIGO a mu 2024 amati wodwala amene sanayambe makina adye pafupifupi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, pamene amene ali pa makina amafunika zochulukirapo chifukwa makinawo amachotsa zina. Matemba odyedwa ndi minga yomwe, nyama za m'mapaketi ndi zakumwa zakuda zozizilitsa kukhosi zili ndi fosiforasi wochuluka amene amafooketsa mafupa a wodwala.

Komabe si aliyense wopezeka ndi vuto la impso amene ayenera kusala masamba ndi nyemba. Kale odwala onse ankaletsedwa zakudyazi, koma malangizo a masiku ano amalimbikitsa zakudya zochokera ku zomera kwa ambiri, ndipo amati potaziyamu achepetsedwe pokhapokha kuyeza magazi kukaonetsa kuti wakwera. Kuletsa wodwala chilichonse kumabweretsa kunyentchera, kumene kumapha msanga. Wodziwa muyezo wa munthu aliyense ndi dokotala kapena katswiri wa zakudya amene waona zotsatira za magazi ake. Mlangizi asalembere wodwala zakudya, koma athandize banja kulima zimene chipatala chalola. Langizo limodzi lokha limene ndi lofanana kwa onse, athanzi ndi odwala, ndilo kuchepetsa mchere.

Mankhwala azitsamba otsuka impso

M'misika ndi m'mabasi mumagulitsidwa mizu, ufa ndi zakumwa zimene eni ake amati zimatsuka impso. Impso zabwino sizifuna kutsukidwa, ndipo zodwala sizingapirire mankhwala osadziwika muyezo. Ku Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 anawonongeka impso atamwa mapiritsi ochepetsa thupi amene munali chomera cha mtundu wa Aristolochia. Pambuyo pake zinadziwika kuti chomera cha mtundu womwewo, chomera ngati udzu m'minda ya tirigu ya ku Serbia, Croatia, Bosnia, Bulgaria ndi Romania, ndicho chinkadwalitsa impso za alimi kwa zaka zambiri. Ku South Africa, muzu wotchedwa impila wapha anthu powononga chiwindi ndi impso. Chomera kukhala chachilengedwe sikutanthauza kuti n'chosavulaza. Chimodzimodzinso mankhwala a m'munda: paraquat amawononga impso ndi mapapo, ndipo zigubu za mankhwala zisagwiritsidwe ntchito posungira madzi, mafuta kapena mchere.

Zimene mlangizi angachite

1. Pa maphunziro a kaphikidwe, afunse poyamba ngati pali wina amene anauzidwa ku chipatala kuti ali ndi vuto la impso, ndipo anene poyera kuti phunzirolo ndi la anthu a impso zabwino.
2. Afunse banja masiku amene paketi ya mchere imatha, ndipo alembe yankho kuti adzayerekeze pakapita miyezi itatu.
3. Pa munda wachitsanzo pakhale khobwe, nzama, mapira ndi masamba achikuda, osati covo ndi rape zokha.
4. Ayendere gwero la madzi othirira dimba lililonse la m'tawuni.
5. Aitane a zaumoyo pa tsiku la chionetsero cha zaulimi kuti adzayeze anthu magazi ndi shuga. Mutu umodzi susenza denga. Tsiku loganizira impso pa dziko lonse, limene limachitika Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Malichi kuyambira 2006, limagwa pamene mbewu zili m'munda ndipo zionetsero zili m'kati.
6. Atumize ku chipatala aliyense wotupa miyendo kapena nkhope, wokodza magazi kapena thovu, wochepa mkodzo, kapena mayi woyembekezera amene watupa ndi kumva mutu. Wodwala shuga, wothamanga magazi, ndi amene akumwa ma ARV ayezetse impso pa nthawi imene achipatala anena, ndipo asasiye mankhwala chifukwa chakuti wasintha zakudya.

Mawu otsiriza

Makina osefera magazi ndi ochepa, ndipo odwala ambiri a m'chigawo chino amafika ku chipatala impso zitatha kale. Zaka zimene zimadutsa munthu asanafike pamenepo ndi zaka za mphika, dimba ndi chitsime, kumene mlangizi amafika kawirikawiri kuposa dokotala. Kwa banja la anthu athanzi uthenga ndi wachidule: mchere wochepa, masamba ndi nyemba zambiri, ufa wosakonola, shuga wochepa ndi madzi aukhondo. Kwa banja limene muli wodwala impso, mlangizi ayambe wafunsa zimene achipatala ananena, kenako athandize kuti zakudya zololedwazo zipezeke m'dimba chaka chonse.